Ba Jaji Anagulitsa Apongozi Awo Pofuna Ukhansala

Inu owerenga, tsoka limene linandigwera ine linalowa pakhomo pathu litavala suti, litagwira chipewa kumanja, likupereka moni mwaulemu. Ndinalitsegulira chitseko ndekha, amayi anga nalipatsa mpando. Lero amayiwo ali kumanda, ndipo munthu amene anawakankhira kumeneko akadali moyo muno mu Kafue, anthu akumutchulabe kuti Ba Jaji. Dzina lake sinditchula. Sikuti ndikumulemekeza ayi, koma ndi bambo wa mwana wanga. Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Amene mukufuna nkhani yothera pokumbatirana, tsegulani tsamba lina.

Ine ndinabadwira ku Nangongwe, komboni ya muno mu Kafue, m'dziko la Zambia. Bambo anga anachoka ku Dedza ku Malawi ali mnyamata kudzafuna ntchito ku fakitale, amayi anawatsatira pambuyo. Ana tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Gideoni. Sukulu tinaphunzira kuno, ubatizo tinalandira kuno, bambo atamwalira tinawaika m'dothi la kuno. Mabanja onga lathu alipo ambiri mu Kafue, ena Akatolika, ena a mpingo wathu wa Chikonzedwe, ndipo palibe amene ankatifunsa kumene tinachokera, kupatula pa nthabwala.

Mwamuna wanga ndinamudziwa ali kalaliki pa khoti lina laling'ono, la mtundu uja loweruza milandu ya maukwati, kutukwanana, malire a minda ndi mbuzi zodya chimanga cha eni. Anali wa mawu okoma, wodziwa Chisoli, Chitonga, Chibemba ndi Chinyanja, ndipo akamamasulira mlandu anthu ankasuzumira pawindo kuti angomumva. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Chimenechi n'chimene chinagwira mtima wa amayi anga. Sanamuone ngati mkamwini woti azimuthawa panjira. Ankamutchula kuti mwana wanga. Malungo atamugwetsa tisanakwatirane, anamudwazika ndi amayi, ndipo anamupalasa panjinga kupita naye kuchipatala ndi Gideoni.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkadya kwa amayi. Kumeneko amayiwo ankakonda kutisimbira mmene bambo analowera m'dziko lino. Akuti analibe pepala lililonse, ndiye woyendetsa lole wina anawabisa pansi pa matumba a chimanga, ndipo anatuluka ali mbuu ngati chinyau, akuyetsemula mpaka ku Chipata. Amayi ankaseka mpaka misozi. Mwamuna wanga ankaseka kuposa tonse, n'kumapempha kuti abwerezenso. Inali nkhani ya m'banja, yokumbukira munthu amene tinkamukonda.

Zinthu zinayamba kusintha atamukweza kukhala woweruza. Khoti analibweretsa kunyumba. Ndiwo zikachepa mchere sankangodandaula monga amuna ena. Ankakhala pampando wake pabalaza, ine n'kundiimika pakati, mafunso n'kuyamba ngati ndaba ng'ombe. Ndikati ndifotokoze ankakweza chala.

"Yankha chabe vamene nakufunsa, Amake Tamanda. Inde olo iyai?"

Mwana wathu Tamanda anakula akuimikidwa chimodzimodzi. Anaphunzira kulankhula ndi bambo ake maso ali pansi, mawu awiri okha, n'kuthawa. Sanatimenyepo, ndipo ine ndinkadzitonthoza ndi chimenecho. Ndinkati ndi kutopa kwa ntchito.

Kenako kunayamba kubwera nsomba. Anthu a njinga ochokera ku Chanyanya, dooko la asodzi, ankagogoda kukhomo la kumbuyo, n'kusiya mtanga wa nsomba zouma, nthawi zina nkhuku, osanena kuti zachokera kwa yani. Ndikafunsa ankati ndi anthu oyamikira. Tsiku lina ndili kumsika, mayi wina wovala zakuda anandiimirira kutsogolo. Anali wamasiye wa ku Chanyanya, ndipo abale a mwamuna wake anali atamulanda bwato ndi maukonde, khoti n'kuvomereza. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndimwe bakazi ba Jaji? Mwanenepa bwino. Izo nsomba mumadya, ni bwato bwa bamuna banga."

Analavula malovu pafupi ndi phazi langa, n'kumapita. Nditamuuza mwamuna wanga, anandiyankha kuti nkhani za khoti sizikambidwa ndi anthu a kukhichini. Inu owerenga, tsiku limenelo ndinaona mmene munthuyu amachitira ndi munthu wosatha kumubwezera. Koma ndinkaganiza kuti mano ake ndi olumira akunja okha.

Mtima wa ndale anautenga m'buku lina lakale la Chingerezi limene anagula pamsewu ku Lusaka. Linali la jaji wina wa ku Amereka, wa m'nthawi ija anthu ankayenda pa ngolo za akavalo. Akuti jajiyo anayamba ali mwana wosauka wa pafamu, n'kukhala kalaliki, n'kukhala woweruza, kenako anthu a m'tauni yake anamusankha kuwaimira, ndipo atamwalira msewu wina anautcha dzina lake. Mwamuna wanga ankatisimbira nkhaniyi pa chakudya mpaka tinaitopera. Ankati njira yake ndi yomweyo, ndipo tsiku lina minibasi zidzayenda mumsewu wa dzina lake. Tamanda, amene analiwerenga bukulo ali ku sekondale, anandinong'oneza kuti jaji wa m'bukumo anayamba wamangira anthu mlatho ndi sukulu. Bambo ake anangoonamo za msewu.

Atapuma pa ntchito, analowa chipani china, nachita zonse mpaka anamusankha kuti aimire ukhansala m'wadi yathu. Vuto linabuka apa. Gideoni anali ndi kasitolo ka misomali ndi utoto, ndiponso anali mkulu wa mpingo. Chaka chilichonse mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba za kumunsi kwa Nangongwe chifukwa ngalande zinatsekeka, ndipo Gideoni ndi amene ankasonkhanitsa anthu ndi makasu ndi mafosholo kukazitsegula. Anthu a kumeneko ndi amene anamukakamiza kuti aime payekha, wopanda chipani. Anakana kambirimbiri, mpaka anavomera.

Sanachite mobisa. Anabwera kwathu atanyamula tambala, nakhala pansi, nauza alamu ake mwaulemu. Mwamuna wanga anaseka, namugwira paphewa.

"Kulibe vuto, mulamu. Politiki ili monga bola. Ikasila tizadyela pamozi."

Ine ndinakhulupirira. Ndinaphika tambala uja, onse awiri anadya mbale imodzi.

Kampeni itayamba, zinaoneka msanga kuti anthu akutsamira kwa Gideoni. Mwamuna wanga anali ndi maposita, zitenje za nkhope yake, ndi makada, anyamata aja a chipani oyenda m'magulu atanunkha kachasu. Gideoni analibe chilichonse, koma akaima pampopi anthu ankasiya zidebe kudzamumvera. Ndiponso anthu sanaiwale milandu imene Ba Jaji anaweruza. Kunyumba anasiya kundiimika pabalaza, anayamba kundiyang'ana chete, nthawi yaitali, ngati akuyeza mbuzi yoti agule.

Msonkhano waukulu unachitika masana pabwalo la mpira. Minibasi zinatuta anthu kuchokera kutali, ngakhale kumidzi ya ku Shimabala, anthu osavota n'komwe m'wadi yathu, kuti bwalo lioneke lodzaza. Mwamuna wanga anandigulira diresi latsopano, nandiuza kuti ndimange chitenje cha nkhope yake pamwamba, ndikakhale pambali pake pansanja. Ndinaganiza kuti akufuna anthu aone kuti banja lathu silinagawikane. Ndinapita. Analankhula za misika, za madzi, za misewu, anthu akungoyasamula. Kenako anatsitsa mawu monga ankachitira popereka chigamulo.

"Bantu ba mu Nangongwe, mufuna kupasa wadi yanu kuli mulendo? Uja munyamata si wa kuno. Batate bake banangena mu Zambia mu loli, pansi pa masaka ya chimanga, monga makoswe, kulibe na pepala. Ine sininamvele kuli bantu. Ninadya mu nyumba mwao, bamai bake ndiye bananiuza na kamwa yao. Ngati ninama, mulongo wake uyu apa. Amake Tamanda, ima, uuze bantu."

Anandipatsa chimkuzamawu m'manja. Inu owerenga, kodi munaonapo bwalo lonse likutembenuka kuyang'ana inu? Ndinaona anthu amene ndinaphunzira nawo sukulu, amayi amene ndinkatunga nawo madzi, onse pakamwa yasa. Mawu amene anatuluka anali ochepa. Ndinati bambo anga agona kumanda a kuno, ndipo anthu ambiri a pabwalo pano anadya pa maliro awo. Sindinamalize, kada wina anandikwatula chimkuzamawu chija. Makada anayamba kuimba akudumpha, "Achimwene kwanu! Achimwene kwanu!" poti ndi mmene amatitchulira ife a makolo a ku Malawi akafuna kutinyoza. Mwamuna wanga ankaomba nawo m'manja. Ndinamasula chitenje chija, ndinachisiya pampando, ndinatsika, ndipo ndinayenda wapansi kupita kwa amayi. Kunyumba kwake sindinagonenso kuchokera tsiku limenelo.

Amayi ndinawabisira zimene zinanenedwa. Zinawapeza zokha m'mawa mwake. Ine ndinali nditapita kumsika kukaoda tomato. Amayi anali atakhala pa kathebulo kawo pakhomo, pamene ankagulitsa tomato, repu ndi impwa. Makada anabwera akuimba nyimbo yomwe ija. Ena mwa iwo amayi ankawadziwa kuyambira ali kumsana, ena anawapatsapo zitumbuwa popita kusukulu. Anagubuduza thebulo, napondaponda tomato. Wina anatenga thumba lachabe la chimanga, naliponya pamutu pa amayi, akuti alowemo abwerere mmene amuna awo anabwerera. Mwala unaswa windo. Amayi anadzuka kuti athawire m'nyumba, anaphonya sitepe, nagwa cham'mbali pa simenti. Fupa la m'chiuno linathyoka.

Bana Mwape, mayi oyandikana nawo nyumba, ndi amene anathamangitsa anyamatawo ndi mtengo wa mpanda, n'kundiimbira foni. Ndinawapeza amayi ali gone pakati pa tomato wophwanyika, sakulira, akungopempha kuti wina awakonze chitenje poti anthu akuona.

Nditawasiya kuchipatala ndi Gideoni, ndinapita kukamufuna mwamuna wanga. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bala ina, atazunguliridwa ndi makada omwewo, wina nsapato zake zikadali ndi njere za tomato. Ndinamuuza pamaso pawo kuti anyamata ake athyola amayi amene anamudwazika malungo. Sanadzuke n'komwe pampando.

"Unabaona na maso yako? Uli na mboni? Ngati ulibe, iyo ni nkhani chabe. Muntu wokalamba amagwa."

Anyamata aja anaseka. Ndikanakhala ndi mpeni tsiku limenelo, nkhani ino mukanaimva kuchokera kundende.

Tinakanena kwa oyenera kumva, koma oyandikana nafe ankaopa kuchitira umboni. Bana Mwape okha ndi amene anavomera, ndipo mawa lake anapeza nkhuku zawo zonse zitapotoledwa makosi. Nkhani inafera pomwepo. Mabanja ambiri onga lathu anachita mantha, tsiku lovota sanatuluke. Ena amene ankakumba ngalande ndi Gideoni anayamba kumulambalala panjira. Ba Jaji anapambana, ndipo makada anamunyamula pamapewa kudutsa naye pakhomo pomwe pa amayi.

Amayi sanayendenso. Tinawabweretsa kunyumba, ndinkawatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala. Ululu wa fupa ankaupirira. Chimene chinkawadya ndi china. Anamva zonse zimene zinanenedwa pabwalo, ndipo nthabwala ija ya matumba a chimanga sanaitchulenso. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandifunsa mwakachetechete.

"Kodi mwana uja ndinamulakwira chiyani? Kapena pali tsiku limene ndinamumana chakudya, ine osadziwa?"

Mpaka tsiku lomaliza ankatchera khutu galimoto ikamveka panja, poganiza kuti mkamwini wawo wabwera kudzawaona. Sanabwere. Anamwalira mvula itangotha.

Pa maliro ndiye anabwera. Anafika pa galimoto, atavala suti yakuda, makada ali pambuyo atanyamula thumba la ufa kuti aliyense aone. Kumanda, mkulu woyendetsa mwambo anachita mantha, nalengeza kuti Ba Khansala alankhulepo monga mkamwini. Anaima pamutu pa dzenje, natulutsa kansalu kopukutira misozi, nayamba kunena kuti malemuwa anali mayi ake enieni. Ndinaona Gideoni akukunga zibakera. Ndinadziwa kuti akangosuntha, makada amupha pomwepo. Ndiye ine, amene sindinayambitsepo nyimbo m'tchalitchi chibadwire, ndinaimirira n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu anga onse. Amayi a chigwirizano, anzawo a amayi anga, anailandira. Ba Khansala anakweza mawu awo, amayiwo anakweza kuposa. Nyimbo itatha anatsegula pakamwa, mayi wina wokalamba anayambitsa ina. Anaima pamenepo pakamwa pakuyenda, palibe womumva, mpaka anapinda kansalu kake n'kubwerera ku galimoto. Ufa wake tinaubweza osamasula.

Musaganize kuti pamenepo ndinapambana. Nditafuna kuthetsa ukwati, nkhani inakafika ku khoti la mtundu womwe uja, kumene okhala pampando anali anthu amene iye anawaphunzitsa ntchito. Ndinkapita, ankati bwerani mwezi wamawa. Ndinkapitanso, ankati Ba Khansala ali pa msonkhano. Tsiku limene anabwera, anamupatsa mpando, ine ndinaima. Anandisandutsa mkazi wothawa banja, wonyoza mwamuna pagulu. Ukwati unatha, nyumba imene tinamanga limodzi, imene njerwa zake ndinasenza pamutu, inatsala kwa iye. Ndinatuluka ndi zovala ndi mapoto. Pasanapite nthawi analowetsamo mtsikana wa msinkhu wa Tamanda.

Gideoni kasitolo kake kanafa, poti anthu ankaopa kuonedwa akugula kwa iye. Anasamukira ku Shimabala kumene akulima ndiwo zamasamba. Munthu amene ankaseka ndi aliyense, lero amayankha moni ndi mutu. Amadziimba mlandu kuti akanapanda kuima, amayi akanakhala moyo. Ndimamuuza kuti wolakwa si iye, koma mawu anga salowa.

Nanga Ba Khansala anachita chiyani pa mpando umene anaugula ndi fupa la amayi anga? Pitani kumunsi kwa Nangongwe mvula ikagwa, mukaone ana akutunga madzi m'nyumba ndi mabeseni. Chimene anthu amakumbukira ndi mapuloti amene anagawira makada ake, ena pamalo pomwe madzi ankadutsa. Pa chisankho chotsatira, chipani chake chomwe chinamutaya, chinaika wina. Makada aja anasamukira kwa watsopanoyo tsiku lomwelo. Matenda a shuga atamugwira, mtsikana uja ananyamula katundu wa m'nyumba n'kupita. Tsopano maso akuchita khungu, mwendo uli ndi bala losapola.

Mwezi wathawu Tamanda anabwera kunyumba ya amayi, kumene ndikukhala ndi kugulitsa pa kathebulo komwe kaja. Iye ndi namwino tsopano, ndipo ndi amene amakatsuka bala la bambo ake. Sindimuletsa, ndi magazi ake. Tsiku limenelo, akusewera ndi makiyi, anati bambo ake akupempha kuti ndibwerere ndikawasamale. Ndinamufunsa ngati anatchulapo dzina la agogo ake, ngati ananenapo kuti analakwa. Tamanda anayang'ana pansi. Akuti ananena kuti zakale ndi zakale, ndipo pa malamulo a Mulungu ine ndikadali mkazi wake. Onani, inu owerenga. Munthu wagona pamphasa, ntchentche zikumuzungulira, koma akuperekabe chigamulo.

Akulu a mpingo anabweranso ndi mavesi a chikhululukiro. Ndinawalandira, ndinawapatsa tiyi, ndinawakumbutsa kuti tsiku limene amayi anavekedwa thumba, mpingo unakhala chete poopa chipani. Kukhululuka ndi nkhani ya ine ndi Mulungu wanga, ndipo sindinafikepo. Ndikanama ndikati ndafika.

Tsono mverani, inu atsikana amene mukusiririka ndi mwamuna wa mawu okoma ndi udindo. Musamuyeze ndi mmene akulankhulira ndi inu, poti inu akukufunani. Kamuoneni kumene ali ndi mphamvu pa anthu, muone mmene amachitira ndi wamasiye, ndi wosauka, ndi munthu amene sangamubwezere. Zimene amachita kwa amenewo ndi zimene akukusungirani inu ndi abale anu, likadzafika tsiku limene mudzaima pakati pa iye ndi chimene akufuna. Musadikire kuti akumenyeni kuti mudziwe kuti ndi woipa. Wanga sanandikhudzepo ndi chala.

Nanunso anyamata amene mumaimba pambuyo pa anthu a ndale chifukwa cha kachasu, dziwani kuti khomo limene mukugenda lili ndi mayi wa munthu mkati mwake. Wokutumaniyo akadzafunsidwa adzati sakukudziwani.

Ndipo inu ovota a mu Kafue, munthu akaimirira pansanja n'kuyamba kukuuzani kumene agogo a mnzake anachokera, dziwani kuti za ngalande ndi madzi alibe chonena. Ena mwa inu munaomba m'manja tsiku lija, ndipo mumabwera kudzagula tomato pano ngati palibe chinachitika. Ndimakugulitsani, ndimakuikirani ndi mbasela, poti ndi mmene ndinaleredwera. Koma nkhope zanu ndikuzidziwa, ndipo amene ndinamupempha kuti akuweruzeni salandira nsomba kukhomo la kumbuyo.